Ninavina Ngati Chule ku Sweden, Koma Chinanigwetsa ni Funso la Kamwana

Imwe amene mumawelenga peji ino mudziwa kale kuti nkhani zanga ni za ma show, nyimbo zatsopano, na ndani wasiyana na ndani. Sabata ino munilekelele pang'ono. Nangobwela kumene kuchoka ku Sweden, ndipo mu foni yanga muli video yamene ikafika pa TikTok ine nizasamuka mu komboni. Muli ine mwana wa mzimai, maluwa kumutu, manja kumbuyo ngati mchila, kudumpha ngati chule pakati pa azungu masauzande. Ndipo sininamweko na dontho lomwe.

Musaganize kuti nalemela. Tiketi anagula ni ba mai ang'ono, mng'ono wao wa amai anga, amene ni nesi kuja ndipo akhalako zaka zopitilila 20. Anakwatiwa na mu Swedish wamtali ngati chitseko, amene ife timaitana ba tata ang'ono, iwo n'kumaseka chabe. Ali na ana awili: mnyamata wamene anatsiliza sekondale mu June, ndiye chifukwa ananiitana, na kamtsikana ka zaka 9. Azungu akuti amenewa ni ma kazeni anga. Ine nati iyai, uyu ni mlongo wanga, aka ni kamng'ono kanga, nkhani yatha.

Pulani yanga inali ma club a mu Stockholm, museum ya ABBA, na zithunzi zoti anzanga ku Lusaka adwale nazo mtima. Pulani ya ba tata ang'ono inali pa pepala lomata pa fuliji: masiku anai mu motoka, banja lonse, kupita ku Dalarna kumene anabadwila, kukadya Midsommar. Ichi ni chikondwelelo cha nyengo yotentha, pamene dzuwa limakhala nthawi yaitali kupambana masiku onse a chaka. Inde, June wamene ife timavala majuzi awili, kwao ndiye kutentha. Chaka chilichonse amayenda ulendo umenewu, kaya ana afuna kaya safuna. Kuchoka Stockholm kufika ku Mora ni makilomita pafupifupi 300, monga Lusaka kufika Ndola. Ine nati, masiku anai pa mtunda wa Ndola? Iwo ati, "Tizaima-ima." Ndipo tinaimadi.

Tisanatuluke mu Stockholm anayamba kutipeleka ku Skansen, pa chilumba cha Djurgården. Ganizani munthu wapita ku Lundazi, wagula nyumba ya agogo, waiphwasula mtengo umodzi-umodzi, waikweza pa lole, n'kudzaimanganso mu tauni. Ndiye zamene anachita Artur Hazelius. Anaona kuti mafakitale na njanji zikusintha dziko, anthu akuthawa kumidzi, zovala zakale akutaya. Mu 1891 anatsegula Skansen, ndipo lelo muli nyumba pafupifupi 150 zochokela mbali zonse za Sweden: mafamu, tchalitchi cha matabwa, sukulu, masitolo, na malo oonetsa umoyo wa a Sami, anthu a kumpoto oweta mphalapala za kumalo ozizila. M'nyumbamo muli anthu ovala zakale, ena aphika buledi, ena aumba magalasi na moto. Kamng'ono kanga kanali kunikoka dzanja, kufotokoza chilichonse ngati kanakhalako mu nthawi imeneyo. Ine ninali kufuna chabe pamene pali WiFi.

Tsiku lachiwili tinalowa mseu. Choyamba, amayendetsa kumanja kuyambila mu 1967, ndiye pa roundabout iliyonse ine ninali kugwila mpando n'kuitana Yesu. Chachiwili, magetsi a motoka amayaka na masana omwe. Chachitatu, zikwangwani za mu mseu sizichenjeza za ng'ombe koma za älg, chinyama cha m'nkhalango chachitali kupambana kavalo. Chachinai, pali chinthu chotchedwa fika: khofi na kabanzi ka sinamoni. Simungatsutse fika. Ba tata ang'ono akati fika, motoka imaima, ngakhale mwangodya kumene.

Ku Uppsala tinaona milu itatu ikulu-ikulu ya dothi ku Gamla Uppsala, manda a akuluakulu a zaka zoposa 1,400 zapitazo. Koma chamene ba tata ang'ono anafuna kunionetsa ine maka-maka chinali mu manda a mu tauni. Anaima pa mwala wina n'kunena kuti, "Uyu anafela kwanu." Anali manda a Dag Hammarskjöld, mkulu wa United Nations wamene ndeke yake inagwa pafupi na Ndola mu September 1961, pa ulendo wokakamba za mtendele wa ku Congo. Dzina ninali kulidziwa kuchoka ku sukulu. Ananifunsa ngati ninafikapo pa chikumbutso chake ku Ndola. Nati, ah, nimapitilila chabe. Sungani yankho limeneli, lizabwelanso.

Titadutsa Sala, tafika Avesta, mwadzidzidzi pambali pa mseu paima chikavalo chofiila cha simenti, mamita 13 kutalika. Ndiye chizindikilo chakuti mwalowa mu Dalarna. Apa ninajambulitsa, sininame.

Manje imwe a ku Kopala, khalani bwino mumve. Ku Falun kuli mgodi wa mkuwa wamene unagwila nchito zaka pafupifupi 1,000, n'kutsekedwa mu 1992. M'zaka za m'ma 1600 mkuwa wambili wa ku Europe unali kuchoka pamenepa. Atatseka sanausiye kuti umele udzu. UNESCO inauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2001, ndipo lelo anthu amalipila kuti atsike pansi. Amakupatsani chisoti na chijasi cha mvula. Musanalowe mumagogoda katatu, kupempha chilolezo kwa Gruvfrun, mzimai wa mzimu wamene amakhulupilila kuti ndiye mwini mgodi. Mukalowa, kulibe kuliza mluzu, kulibe kutukwana. Ine nati, ha, kansi na azungu ali na zao. Tikakamba ife za mizimu ya mu mgodi akuti ndise osaphunzila, koma apa injiniya wa digili agogoda chitseko na ulemu wonse.

Panja pali chidzenje chachikulu choti ukayang'ana pansi mutu umazungulila. Chinapangika mu 1687 pamene mgodi unagumuka. Palibe anafa. Mudziwa chifukwa? Inali nthawi ya Midsommar, anthu onse anali pa holide. Mukauze ba bwana anu kuti holide imapulumutsa moyo.

Koma nkhani yamene ikanakhala pa peji yoyamba ya nyuzipepa ino ni ya Fet-Mats. Mnyamata ameneyu anasowa mu mgodi mu 1677. Mu 1719, patapita zaka 42, anamupeza mu madzi a mu mgodi, thupi losaola chifukwa cha mankhwala a m'madzimo, nkhope ikali ya mnyamata. Palibe anamudziwa, mpaka panabwela nkhalamba ina yaikazi n'kunena kuti uyu anali chibwenzi chake, anali pafupi kukwatilana. Imwe amene bae akachedwa kuyankha WhatsApp mphindi 10 mwayamba kale kuyang'ana kwina, ganizilani.

Mgodi womwewu ndiye unapenta dziko lonse. Mukaona chithunzi cha ku midzi ya ku Sweden, nyumba ni zofiila na makona oyela. Penti imeneyo, Falu rödfärg, imapangidwa kuchoka ku zotsalila za mgodi wa Falun, ndipo imateteza matabwa kuti asaole. Chotaya cha mgodi chinasanduka mtundu wa dziko.

Kuchoka apo tinatsika ku nyanja ya Siljan, yamene ili pa malo pamene chimwala cha kumwamba chinagwa zaka mamiliyoni ambili zapitazo. M'mbali mwake muli kamudzi ka Nusnäs, kwao kwa kakavalo ka mtengo kofiila kamene muona pa chilichonse cholembedwa Sweden. Kale amuna akakhala m'nkhalango nyengo yozizila kudula mitengo, usiku anali kusema tumahachi na mpeni kuti akapatse ana. Kenaka anayamba kutupenta na kutugulitsa m'misika. Mu 1939 Sweden inaika kavalo wamkulu wotele pa chionetselo cha dziko lonse ku New York, ndipo kuchoka pamenepo kadoli ka ana a kumudzi kanakhala nkhope ya dziko. Ku Nusnäs mumalowa mu shedi n'kuona zonse: wina acheka thabwa la paini, wina asema, wina aviika mu penti, ndipo mai wina ajambula maluwa na bulashi imodzi yokhala na mitundu iwili ya penti nthawi imodzi. Dzanja silinjenjemela. Ninanyamula kavalo wa saizi ya botolo la Fanta, ninaona mtengo, ninawelenga mu kwacha, ninamubweza pa shelefu mwaulemu. Ninagula kang'ono ngati chala. Zopangidwa na manja kuja sakambilana mtengo, ndipo palibe wamene amati "ba boss chotsaniko".

Ku Mora ba tata ang'ono anationetsa chipata pamene umathela mpikisano wa Vasaloppet, makilomita 90 pa ski kuchoka ku Sälen, wamene unayamba mu 1922. Koma ine wa nkhani za nyimbo chinanigwila ni nyumba ya Anders Zorn. Uyu anabadwila ku Mora mu 1860, mwana wa kumudzi, n'kukhala wojambula zithunzi wotchuka mpaka kujambula ma president a ku America. Atalemela anabwelela kwao, n'kupeza kuti oimba vayolini a kumudzi akutha, achinyamata afuna za mu tauni. Mu 1906 anaitanitsa mpikisano wa oimba nyimbo zakale ku Gesunda, pafupi na Siljan. Misonkhano ya oimba yamene imadzaza midzi ya ku Sweden nyengo yotentha inakula kuchoka pamenepo. Mpaka lelo pali mendulo ya dzina la Zorn, ndipo ukapata ya siliva umatchedwa riksspelman, woimba wa dziko. Taganizani msilikali wathu mmodzi wa ma hit, m'malo mogula Benz yachitatu, aitana onse oimba kalindula, kalimba na vimbuza kuti apikisane, mphoto ili pa tebulo.

Tinakwelanso ku fäbod, malo a m'phili kumene kale atsikana anali kupita na ng'ombe miyezi yotentha. Mai wina anaima n'kuitana ng'ombe na kulning, liu lokwela kwambili lopanda mawu, lamene limamveka kutali m'nkhalango. Tsitsi linaniimilila. Mwambo wa fäbod UNESCO inaulemba mu 2024.

Tsiku lalikulu linali Chisanu, chifukwa Midsommar imayamba pa Chisanu cha pakati pa 19 na 25 June. M'mawa tinathyola maluwa m'thengo. Kuja pali lamulo lakuti aliyense angayende m'nkhalango, kuthyola maluwa na zipatso, ngakhale malo ni a munthu wina, malinga usaononge ndipo usafike pakhomo pake. Kamng'ono kanga kananilukila nkhata ya kumutu. Chakudya chinali mbatatesi zatsopano, ma strawberry, na sill, nsomba yosaphika yoviika mu vinega na shuga. Ninadya kuti nisachititse manyazi ba mai ang'ono. Mtima unali pa kapenta.

Madzulo tinali ku Leksand, pa chigwa cha Sammilsdal chamene eni ake amati Gropen. Anthu masauzande akhala m'mbali ngati mu stadium. Oimba vayolini afika, ambili avala zovala za makolo, ndipo chovala chimakuuzani kumene munthu achokela: cha ku Leksand ni china, cha ku Rättvik ni china, cha ku Mora ni china. Pakati pagona mlongoti wautali wokutidwa na masamba na maluwa. Kulibe kileni. Amuna amaukweza na mitengo yomanga iwili-iwili, pang'ono-pang'ono, gulu lonse likukuwa kuwalimbitsa. Utaima, nyimbo ya achule yamene amati Små grodorna inayamba, ndipo agogo, madokotala, anyamata a ma tattoo, onse anayamba kudumpha. Mlongo wanga wamene masiku onse anali pa ma earphone, wosakamba na munthu, anali kutsogolo. Ndiye video ija.

Sinizakunamizani kuti zonse ni zoyela. Pali zina zamene n'zokopa chabe alendo na ndalama zao, ndipo usiku achinyamata ena analedzela ngati Chisanu cha malipilo pa Kabwata. Koma palibe wamene anaoneka wa manyazi kuti akuchita za kumudzi.

Manje funso lija. Tikubwelela ku motoka cha m'ma 23 koloko, kunja kukali kowala ngati 17 koloko ya kwathu, kamng'ono kanga kananigwila dzanja. Kanafunsa mu Chizungu chake: "Ku Zambia mumavina chani pa tsiku lanu?"

Ine wa entertainment, funso lotele ni chakudya changa. Ninayamba kutchula oimba a pa wailesi. Kati iyai, osati za pa YouTube, za agogo. Ninakonza pakhosi n'kutchula monga pa mayeso a Grade 7: Kuomboka ku Mongu, Nc'wala ku Mtenguleni, Umutomboko ku Mwansabombwe, Likumbi Lya Mize ku Zambezi, na Kulamba ku Katete, kwao kwa amai ake na amai anga. Maso ake anawala. "Unapitako kangati?"

Abale, ninakhala chete. Ine namene nalowa show iliyonse mu Lusaka na press card, namene nidziwa DJ aliyense na dzina lake la pa NRC, sininapondeko pa Mkaika. Nimapitilila chabe.

Mu motoka munali zii. Kenaka ba mai ang'ono anakamba mu Chinyanja, kuti ana asamve, ndipo ndiye pamene panali poŵaŵa, chifukwa anadziwa kuti sazamva. Ati, "Iwe, bana banga aba baziba chabe zikomo na nsima. Nyimbo za ba tata bao baziba zonse. Za ine kulibe." Ninati, "Koma amai, muli kutali." Ati, "Nanga iwe uli kutali na ndani?"

Sanali kunitukwana. Anali kudziŵelengela okha mlandu. Amuna ao chaka chilichonse amathila mafuta, amapempha holide ku nchito, amakweza ana mu motoka ngakhale akwiye. Iwo akabwela ku Zambia pa Khisimasi amathela pa ma mall na maukwati.

Titafika pa kanyumba kamene tinagona, ba mai ang'ono anatsegula chikwama, anatulutsa chitenge, anamanga m'chiuno. Pa udzu, pakati pa usiku wosada, anayamba kuomba m'manja n'kuonetsa kamtsikana kao mapazi a chitelele monga anali kuvinila ali mtsikana ku Katete. Anaiwala mawu ena, anaseka, anayambanso. Ba tata ang'ono anayesa, chiuno chinakana. Ine ninaomba m'manja, chifukwa ndiye chokha chamene ninadziwa.

Usiku umenewo atsikana amaika mitundu 7 ya maluwa pansi pa pilo kuti alote mwamuna wamene azawakwatila. Ninaika. Ninalota ba landlord.

Chamene nabwela nacho ni ichi. Tikaona azungu na miyambo yao timaganiza kuti inangokhala yokha. Iyai. Inali kufa, ndipo anthu ena anatulutsa ndalama na nthawi: Hazelius ananyamula nyumba, Zorn anaitana oimba, ndipo lelo bambo wamba amanyamula ana ake. Na kwathu zinachitikapo. Nc'wala inaima zaka zambili mu nthawi ya atsamunda, n'kubwelanso mu 1980 chifukwa anthu anaifuna. Gule Wamkulu UNESCO inamuzindikila mu 2005, kale kwambili fäbod isanalembedwe. Zinthu tili nazo. Chosowa ni ife amene tinabadwila ku UTH n'kukulila pa minibasi, amene ana athu azatifunsa funso lomwe lija.

Nidziwa muzati, iwe wakwela ndeke ya mahala, ife ya lendi ikutivuta. Zoona. Koma tiwelenge bwino. Pali ena a inu amene pa mwezi mumasiya pa bar ndalama yokwana tiketi ya basi ya ku Eastern. Pali chilimba cha mafoni, chilimba cha mapoto, chilimba cha ma wig. Chilimba cha ulendo wa banja chingakanike bwanji? Ndipo ngati zavutadi, Kabwata Cultural Village na Lusaka National Museum zili pa mtunda wa minibasi imodzi. Tengani mwana pa Chiwelu, mulekeni afunse mafunso, ndipo pamene simudziwa muimbile agogo foni akali moyo.

Kulamba imachitika pa Chiwelu chothela cha August ku Mkaika, pamene mafumu a Achewa a mu Zambia, Malawi na Mozambique amabwela kwa Kalonga Gawa Undi. Ine nakamba kale na amai anga, na alongo anga awili, na mwana wa mkulu wanga. Tizakwela pa Intercity. Ba mai ang'ono atuma ya mafuta a kamtsikana kao ka mtsogolo, ati nikajambule zonse, chifukwa chaka cha mawa akubwela nako mu August, osati pa Khisimasi.

Kakavalo kanga ka saizi ya chala kali pamwamba pa TV. Dzulo kamng'ono kanga kanatuma voice note kufunsa kuti kanyama kodumpha kaja timakaitana bwanji mu Chinyanja. Nati chule. Kabweza kasanu, "chule, chule", mpaka kanakhoza.

Sabata ya mawa tibwelela ku za ndani wasiyana na ndani, nili nazo ziwili zotentha. Koma amene muzakhala pa basi ya ku Katete, munisungile mpando wa pa windo.